Zaka Zimene Ndinali Makutu a Bwana Wanga

Yamikani ndi Thokozire, mutu uno ndauyamba kanayi, kanayi konse n'kuung'amba. Mumadziwa kuti bambo anu anagwirako ntchito ya makatuni, ndipo muli aang'ono munkanyadira nazo kusukulu. Chimene simudziwa ndi mmene ndinakhalira pampando umene ndinakhalapo. Ndalemba m'Chichewa ngakhale ndikudziwa kuti muwerenga mojejema. Mawu akakuvutani mufunse amayi anu.

1981 mpaka 2002, Blantyre

Ntchito yanga yoyamba inali ya ku wailesi. Anandilemba kuti ndizijambula mawu a masewero ndi makwaya. Masiku amenewo munthu akalakwitsa mawu tinkadula tepi ndi lezala n'kuimatanso. Vuto lathu lalikulu linali kusowa kwa matepi. Akatha, akuluakulu ankatiuza kuti tifufute akale tijambulirepo zatsopano, moti ndi manja angawa ndinafufuta nyimbo za anthu amene anagona kalekale. Koma m'kachipinda kameneko ndi mmene khutu langa linakhwimira. Kwaya yonse ikuimba, ndinkatha kuloza kuti wa besi wachitatu kumanzere watsika pang'ono. Lamlungu ndinkaimba limba kutchalitchi. Zaka makumi awiri zinatha choncho, ndipo ndinkaganiza kuti ndidzapumira pomwepo.

2003, Swords

Amayi anu ndi amene anatitsogolera kuno. Anabwera kudzawonjezera maphunziro a unamwino, atamaliza chipatala china chinawalemba ntchito, ife atatu n'kuwatsatira. Ndinafika ndili munthu wamkulu kale, ndi makalata a ku wailesi amene palibe anafuna kuwawerenga. Ntchito imene ndinaipeza inali ya ku nursing home, nyumba yosamalira okalamba ku Swords kufupi ndi Dublin, kusambitsa okalamba, kuwadyetsa ndi kuwayalira. Sindinainyoze, koma ndinganame nditati mtima unali m'malo. M'chipinda chochezera munali piyano yakale, ndipo Lachitatu masana ndinkawaimbira okalambawo nyimbo za kutchalitchi. Tsiku lina nditamaliza, anandiyandikira bambo wina wamtali, wa imvi, wovala jekete yoperepeseka m'zigongono. Ankabwera kudzaona mlongo wake.

"Pali makiyi awiri amene mwakhala mukuwalambalala," anatero. "Chifukwa chiyani?"

"Ndi otsika, bwana. Akulira monama."

"Otsika kwambiri?"

"Pang'ono chabe. Koma amandipweteka m'khutu."

Anadina makiyiwo, n'kupendeketsa mutu, kenako n'kuseka. Anati piyano imeneyo anaimva ikulira zaka zinayi, ndipo aliyense ankangoimba osazindikira. "Dzina langa ndi Fintan. Zoti bwana zisiyeni, kuno munthu amakutchula choncho akafuna kukugulitsa galimoto." Atandiuza kuti ntchito yawo ndi kupeka nyimbo za makatuni oonetsedwa pa TV ku America, ndinaona ngati akundiseka. Munthu wa imvi chonchi, makatuni? Patatha miyezi itatu anali atandiyendera okha nkhani ya mapepala, ndipo ndinayamba ntchito.

2004 ndi 2005, pakati pa tauni

Situdiyo inali m'nyumba yakale ya njerwa pafupi ndi mtsinje. Ojambula zithunzi anali pamwamba, ife anyimbo tinali pansi, m'chipinda chopanda zenera. Katuni wathu anali wa galu wokalamba woyendetsa basi ya sukulu. Nkhani ndi mawu zinkachokera ku America, zithunzi zinkajambulidwa mu Dublin, ndipo ife tinkaika nyimbo zapansipansi, zija zimalira anthu akuyankhula kapena akuthamangitsana. Gawo limodzi la maminitsi leveni linkadya tinyimbo pafupifupi makumi atatu. Kalikonse tinkakatcha cue ndipo kanali ndi nambala yake, kena ka masekondi atatu okha. Ntchito yanga inali kugwirizanitsa tinyimboti ndi zithunzi, kutilemba pa ndandanda, ndi kumvetsera. Pa makina osakanizira mawu pankakhala Marek, bambo wa ku Poland wa msinkhu wanga, wa ana atatu, amene Chingerezi chinkamuvuta moti ine ndi iye zambiri tinkamvana ndi manja. Woyang'anira situdiyo yonse anali mayi Orla, ndipo ndi amene ankayankhula ndi a ku America pa foni.

A Fintan ndi bwana wabwino koposa amene ndinagwirapo naye ntchito, komanso wovuta koposa. Ankatha kutaya mmawa wonse pa masekondi anayi, pamene galu uja akuyang'ana pa kalilole n'kuona kuti m'basi mulibenso mwana. Ndikati zakwana, ankandiyang'ana ngati ndatukwana. "Wyson, mwana akazindikira kuti pali nyimbo ndiye kuti talephera. Azingomva chisoni osadziwa kuti chamulowera pati." Galu akagwa pamakwerero, iwo ankaika kachida kolira ngati mangolongondo, ndipo nditawauza dzina limeneli anakhala sabata yathunthu akuyesa kulitchula.

Zaka zimenezo Dublin inali pamwamba. Kulikonse kumene ungayang'ane kunali makina omangira nyumba, ndipo ku Tyrrelstown kumene tinkakhala nyumba zinkamera ngati bowa. Koma m'chipinda chathu munali chilala. Chaka chimene ndinkayamba tinkaloledwa kuitana oimba eyiti. Chaka chotsatira anatsala anayi, kenako mmodzi, zina zonse iziimba kompyuta. A Fintan ankati kompyuta imaimba ngati munthu amene sanaferedwepo. Loweruka mmawa katuniyo akamaonetsedwa kuno, ndinkakhala nanu pansi pa kapeti n'kumati tamverani apo, tamverani apo, inu n'kumati, "Daddy, shush." Mayina a kumapeto ankathamanga kwambiri moti la a Fintan sitinaliwerengepo bwinobwino.

2006

Ndinayamba kuzindikira pa tinthu tating'ono. Foni ya pa tebulo inkalira a Fintan osacheuka. Ankauza Marek kuti akweze mavayolini, akwezenso, mpaka mano kuyamba kuyayamira. Marek ankangokweza mapewa, poganiza kuti ndi kukonda kwa mkuluyo. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro anandipempha kuti tiyende m'mbali mwa mtsinje. Titayenda mtunda, anaima n'kugwira chitsulo cha m'mphepete.

"Ndinali kwa dokotala. Makutu onse awiri akupita. Mawu okwera anapita kale, enawa atsatira." Anati m'mutu mwawo munkalira ngati ketulo yowira, usana wonse, osapuma. Ine ndinakumbuka nyenje za mu Okutobala.

"Mayi Orla akudziwa?"

"Akudziwa ndi Nuala, mkazi wanga, basi. Orla akadziwa ayenera kuuza a ku America, ndipo amenewo sasunga wopeka nyimbo wogontha ngakhale tsiku limodzi. Kupeka ndikupekabe, nyimbo ndimaimva m'mutu. Chimene ndikusowa ndi munthu wondiuza chimene chikutuluka m'sipika. Mundibwereke makutu anu, Wyson. Ndipo musauze munthu."

Ndinawagwira dzanja pomwepo. Sindinaganize kawiri. Munthu ameneyu anandipeza ndikusintha zofunda za okalamba n'kundibwezera ntchito ya moyo wanga. Tinapangana chizindikiro. Pensulo yanga ikakhala pa tebulo ndiye kuti zonse zili bwino. Ndikaipachika kukhutu, iwo ankati timvenso, ine n'kulemba vutolo m'mphepete mwa pepala la nyimbo, iwo n'kulinena mokweza ngati alimva okha. Tinayenda choncho chaka chathunthu, ndipo nyimbo za chaka chimenecho ndi zabwino kuposa zonse zimene tinapanga.

2007, chimbale

Kumapeto kwa gawo lililonse galu uja ankaimika basi yake, n'kuzimitsa magetsi, ndipo pankalira kanyimbo kozizira ka mavayolini. Makolo a ku America anayamba kulembera kampani ya katuniyo kufunsa kumene angakagule kanyimboko, ati ana awo ankagona nako. Kampaniyo inaganiza zotulutsa chimbale. Muyenera kumvetsa kukula kwa nkhaniyi. Nyimbo za mawu, zimene ana amaimba nawo, zimatuluka pa zimbale kawirikawiri. Zapansipansi zimafera mkati mwa katuni momwemo. A Fintan anali atagwira ntchitoyi zaka zoposa makumi atatu, ndipo dzina lawo linali lisanakhalepo pachikuto cha chilichonse. Anatilola kuitana oimba mavayolini twelofu kwa masiku awiri. Mkuluyo anagula jekete yatsopano.

Tsiku loyamba linayenda bwino kwambiri. Kanyimbo ka galu woimika basi tinakajambula tsiku limenelo, ndipo nditayang'ana Marek ndinaona akupukuta m'maso. Mmawa wa tsiku lachiwiri, iwe Thokozire unabanika ndi mphumu, milomo mpaka kusintha mtundu. Amayi ako anali ku ntchito. Ndikulemba izi osati kukuloza chala, mwana wanga. Litabweranso tsiku limenelo ndingathamangenso nawe chimodzimodzi. Ndinaimbira a Fintan ndili kuchipatala. "Khalani ndi mwana," anatero. "Tsiku limodzi lokha ndithana nalo."

Tsiku limenelo nthambo ina inawonongeka, n'kumatulutsa kamluzu kowonda kwambiri, kokwera. Marek anakamva, anaimitsa zonse n'kunena. A Fintan anavala mahedifoni oimba twelofu aja akuwayang'ana. Sanamve kanthu, ndipo pamaso pa anthu onsewo sakanatha kunena chifukwa chake. Anati zili bwino, tipitirize. Marek anamvera. Zojambulazo zinatumizidwa madzulo omwewo, ine ndisanazimve. Patatha sabata a ku America anaimba foni atakwiya, ati theka la chimbale lawonongeka ndipo akufuna kudziwa wolakwa. Mayi Orla anatiitana tonse. Marek, ndi Chingerezi chake chodukaduka, anati, "Ndinanena. Ndinawauza." A Fintan, maso ali pa tebulo, anati, "Ndinamvetsera. Panalibe mluzu." Mayi Orla anakhulupirira munthu wa zaka makumi atatu pantchito, n'kuganiza kuti Marek anawononga yekha pambuyo pake ndipo akubisala. Anamuuza kuti Lachisanu ndi tsiku lake lomaliza.

Lachitatu masana ndinakwera sitima kupita ku Skerries kumene a Fintan ankakhala. Mayi Nuala anandilozera kudoko. Ndinawapeza atakhala pakhoma, mphepo ikuwomba, moti ndinayenera kuima kutsogolo kwawo kuti azindiona pakamwa.

"A Fintan, kaneneni nokha. Zikachokera kwa inu zidzapepuka."

"Masabata sikisi, Wyson. Chimbale chikangotuluka ndidzanena zonse, ndidzamulembera Marek kalata, ndidzapita ngakhale kunyumba kwake."

"Lachisanu ndi mkuja."

"Ndi katswiri, apeza ina. Mumzinda muno ntchito zili mbwee."

"Adzaipeza ndi mbiri yoti anawononga chimbale n'kunamizira bwana wake?"

Kenako anati, "Munandigwira dzanja."

"Ndinakugwirani. Ndinalonjeza kukubwerekani makutu. Sindinadziwe kuti mudzafunanso pakamwa panga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kunyanja. Munthu wosamva akakupatsa msana, nkhani yathera pomwepo. Ndinayankhulabe kwa kanthawi, koma ndinkayankhula ndi jekete.

Mmawa mwake ndinawafotokozera amayi anu zonse kukhitchini, inu mukuvala yunifolomu. Aka kanali koyamba iwo kumva za makutu a a Fintan. Anandimvetsera mpaka kumapeto akupaka buledi wanu majarini.

"Bambo a Yami, yankho mukulidziwa kale, mukungofuna ndikunenereni ndine. Marek ali ndi ana atatu. Akanakhala inu, mukanafuna mnzanu akhale chete?"

"Koma a Fintan ndi amene anandichotsa ku nursing home."

"Anakuchotsani, inde, ndipo tidzawathokoza mpaka kufa. Ndiye kuti anakugulani? Half eight yakwana, basi ikusiyani."

Ndinalowa mu ofesi ya mayi Orla ndisanavule chikhoto, poopa kuti ndikakhala pansi ndisintha maganizo. Ndinanena zonse, za dokotala, za pensulo, za chaka chonse. Anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba kutsika. Ndinawapempha kuti nkhaniyi ithere m'nyumba momwemo, tijambulenso tsiku limodzi ine ndilipo. Anati ayesa, koma sanganamize a ku America. Anayesadi, ndinawamva pa foni akuchonderera. Sizinatheke. A ku America anaitanitsa zonse, n'kunena kuti chimbale akamalizitsa okha ndi munthu wawo, ndipo a Fintan apume. Marek anatsala pantchito. Lolemba mkuluyo anabwera kudzatenga katundu wake. Anapita kwa Marek, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri, n'kupepesa mokweza kuti aliyense amve. Ine anandidutsa ngati mpando.

Malo awo anandipatsa ine. Apa ndi pamene pamandichititsa manyazi mpaka lero. Ojambula a pamwamba ena anasiya kundipatsa moni, ati ndinawagwetsa dala kuti ndikhalepo. Ndikanatha kukana, koma sindinakane. Ndinadziuza kuti ndikusunga kapekedwe kawo, ndipo mwina zinali zoona pang'ono. Pampandopo ndinakhalapo chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Kumapeto kwa 2008 zinthu zitayamba kugwa m'dziko muno, katuni uja anatha ndipo chipinda chathu chinatsekedwa. Marek anabwerera kwawo ndi banja lake. Ntchito imene ndinamupulumutsira inangokhala miyezi yomweyo basi. Ine ndinabwerera kosamalira okalamba, ndipo ndi kumene ndapumira.

2009, Skerries

Zaka ziwiri ndinawalembera a Fintan makalata atatu, osayankhidwa. Ndiye tsiku lina mayi Nuala anaimba foni. Anati a Fintan akudwala mtima, madokotala anena kuti palibenso chochita, ndipo akundifuna. Ndinawapeza pampando pafupi ndi zenera, atafunda bulangeti m'miyendo, ataonda kwambiri. Makutu anali atatsekeratu. Pambali pawo panali kope limene alendo ankalembamo zofuna kunena. Iwo ankayankhula, mokweza kwambiri, chifukwa sankadzimva.

"Marek ali kuti?" linali funso lawo loyamba. Ndinalemba kuti ali kwawo, akugwira ntchito pa wailesi ina. Anagwedeza mutu. Ndinayamba kulemba mawu opepesa amene ndinawakonza m'sitima, koma anaika dzanja pa kopelo. "Zimenezo ayi. Sindinakuitanireni zimenezo. Nuala, bweretsa."

Mayi Nuala anabweretsa chimbale chija, chikadali mu pulasitiki. Pachikuto panali galu ndi basi yake, ndi dzina la munthu wa ku America uja. La a Fintan linali mkati, m'tizilembo ting'onoting'ono. A Fintan anati kampani inawatumizira kalekale ndipo sanalole munthu kuchitsegula.

"Nuala amandikonda, andiuza zondisangalatsa. Inu mumanena zoona ngakhale zikupha munthu, ndinaona ndekha. Ikani nambala naini."

Inali nyimbo ya galu woimika basi. Ine chimbalecho ndinali ndisanachimvepo, ndinkachilambalala m'masitolo. Chitayamba kulira, a Fintan anandiyang'anitsitsa kumaso.

"Imeneyo tinaijambula tsiku loyamba, inu mulipo. Inali yoyera, panalibe chifukwa choitayira. Mavayolini anga alipo?"

Ndinadziwa pa sekondi yachiwiri. Nyimbo inali yawo ndithu, koma oimba twelofu aja munalibe ndi mmodzi yemwe. A ku America anawachotsa onse kuti chimbale chimveke chofanana, n'kuika kompyuta. Ndinagwira bolopeni. Ndinalemba kuti: Alipo onse twelofu.

Anawerenga kawiri. Kenako anatsamira, n'kutseka maso, dzanja lamanja n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa bulangeti, kuwatsogolera oimba awo. Anamaliza pamodzi ndi chimbale, osaphonya ngakhale pang'ono.

Mayi Nuala anali ataima kumbuyo kwanga nthawi yonseyi. Anakhala pabanja ndi wopeka nyimbo zaka makumi anayi, ndipo makutu awo anali abwinobwino. Anawerenga zimene ndinalemba, n'kundiyang'ana, n'kupita kukatereka tiyi.

A Fintan anamwalira patatha masabata atatu. Kumaliro ndinakhala kumbuyo kwenikweni, koma mayi Nuala anatuma munthu kudzanditenga, n'kundikhazika pa benchi ya achibale. Za tsiku lija sitinakambiranepo, mpaka nawonso anatsikira kuli chete. Kope lija analiika m'bokosi la a Fintan.